Bokosi la magetsi kunyumba kwa amayi: tiliike pati?

Loweruka, sabata yoyamba ya Okutobala

Chomwe chayambitsa ntchito yonseyi ndi fungo. Amayi anandiimbira Lachinayi usiku kuti kukhitchini kukununkha ngati wina akuwotcha jumbo, chonsecho pamoto panalibe kanthu. Lero ndapita ku Nkolokosa pamodzi ndi mmisiri wa zamagetsi amene anatikonzera mawaya kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Ndinamusankha chifukwa ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndipo ndinachiona ndi maso anga, osati chongomva.

Bokosi la mafyuzi lili pamwamba pa chitseko chakukhitchini, pafupi ndi siling'i, moti mmisiriyo anachita kuponda patebulo. Muli mafyuzi anayi a dothi loyera lija longa la makapu a tiyi, iliyonse ili ndi kadontho kake: yoyera ya maampu 5, yabuluu ya 15, ndi zofiira ziwiri za 30. Atazula yofiira imodzi anaigwetsera m'dzanja langa. Inali yofunda, m'mbali mwake mwada bii. M'malo mwa kawaya kopyapyala komwe kamayenera kusungunuka magetsi akachuluka, munali waya wa kopa wosendedwa ku chingwe china, wopindidwa kawiri. Fyuzi yotere siiduka. Chimatentha ndi china chilichonse chomwe chili panjira. Sindinafunse kuti anaikamo ndani, ndipo amayi anayang'ana kumbali. Kuseri kwa chivundikiro tinapezako nalimata wouma gwa, atamatirira pakati pa mawaya awiri.

Nyumbayi ndi ya m'ma 1970, nthawi yomwe magetsi ankayatsa mababu, wailesi ndi simbi basi. Lero muli kuka, giza, filiji, ketulo, komanso chingwe chopita kukanyumba kakuseri komwe kumakhala wa lendi. Tagwirizana kuti bokosilo lichoke, tiike DB, bokosi lamakono logawira magetsi, yokhala ndi mabureka, timaswichi tomwe timagwa tokha magetsi akachuluka. Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhani yochotsa ichi n'kuika icho pamalo pomwepo. Mmisiri anangoti, "Achimwene, pamenepa ayi. Bola tikambirane kaye za malo." Pakadali pano waika waya wa fyuzi woyenera, ndipo wawauza amayi kuti asayatse kuka ndi giza nthawi imodzi.

Lamulungu masana

Ndabwerera ndi tepi yopimira titachoka ku tchalitchi. Ndazindikira chinthu chomwe ndinali nditaiwala: bokosilo silinaikidwe m'khitchini. Pamenepo panali pakhonde lakuseri. Malemu bambo atatseka khondelo ndi njerwa n'kulisandutsa khitchini, nthunzi ndi mafuta zinalipeza bokosi pomwe linali. Kuka ili pafupifupi pansi pake, ndipo sinki ili sitepe imodzi kuchoka pachitseko.

Mita ya ESCOM ili panja, pakhoma la chipinda cha amayi, cha kumakona. Ndi ya mayunitsi, ndipo kamakina kolowetsera manambala 20 aja kali pabalaza, kolumikizidwa pasoketi. Kuchokera pamita, mawaya awiri akuluakulu amakwera khoma, kulowa m'siling'i, n'kuyenda mpaka kukhitchini. Ndapeza mamita 6 ndi pang'ono. Kukula kwake ndi 10 mm², zomwe mwina zinali zokwanira nthawi ya wailesi.

Lachiwiri

Usiku wa dzulo tinali pa WhatsApp anthu atatu: ine, mlongo wanga wa ku Area 25 ndi mng'ono wathu wa ku Johannesburg yemwe akutumiza gawo lalikulu la ndalama. Aliyense anali ndi malo ake, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chomveka.

Mlongo wanga akuti tisavutike, pakale pomwepo. Mawaya onse a m'nyumba amathera pamenepo, ndiye palibe chowonjezera, ntchito ya tsiku limodzi. Pa ndalama ndiye akunena zoona. Koma mng'ono wathu anamudula pakamwa. Iye amathandiza pa zomangamanga kumeneko, ndipo akuti malamulo a ku South Africa salola DB pamwamba pa chophikira, m'bafa, kapena pafupi ndi mpopi, ndiponso salola swichi yaikulu kukhala pamwamba kwambiri poti munthu sangafikire. Malo athu akale akulephera pafupifupi pa zonsezi. Ine changa chinali chimodzi: amayi apitirira zaka 70. Bureka ikagwa usiku, akwere patebulo?

Maganizo a mng'ono wathu anali akuti DB ikhale panja, pambali pa mita, m'bokosi lachitsulo lotseka bwino. Mawaya ochokera pamita angakhale aafupi kwambiri, ndipo fumbi la ntchito silingalowe m'nyumba. Ndinamukumbutsa mvula ya Januwale ya ku Blantyre, yomwe imamenya khoma limenelo chammbali. Ndinamukumbutsanso kuti bureka imakonda kugwa pa nthawi yomwe mvula ikugwa, ndiye tikunena kuti amayi azitsegula chitseko usiku, ndi tochi ndi ambulera, kukagwira zamagetsi ataponda m'madzi. Anakhala chete, kenako anati, "Chabwino achimwene, koma isatalikire mita."

Pamenepa ndiye pagona nkhani, ndipo mmisiri wandifotokozera bwino lero pafoni. Mawaya apakati pa mita ndi DB amanyamula magetsi a nyumba yonse, koma mabureka a mu DB sawateteza, chifukwa mabureka amayang'anira za kutsogolo kwawo zokha. Khoswe akatafuna waya wa mababu, bureka ya mababu imagwa. Akatafuna waya wochokera pamita, palibe chomwe DB ingachite. Chotsala ndi bureka yaikulu ya panja, yomwe imafuna magetsi ochuluka kwambiri isanagwe. N'chifukwa chake amafuna mawayawa akhale aafupi, opanda cholumikiza pakati, ndipo ayende m'paipi. Iye amatsata muyeso womwe anaphunzira, wa ku Britain, wakuti asapitirire mamita 3. Akapitirira, pamafunika swichi ina yokhala ndi fyuzi pafupi ndi mita.

Nanga kusuntha mita yomwe? Tinaiganizirako pang'ono n'kuisiya. Mita si yathu, ndi ya ESCOM, ndipo ili ndi zomatira zomwe mmisiri wamba saloledwa kudula. Kuisuntha ndi ntchito yawo ndipo ili ndi ndondomeko yake. Chathu n'chakuti DB iyandikire mita, osati mita itsatire DB.

Lachinayi

Tapita kukaona malo achitatu, omwe papepala ndi abwino kuposa onse: kuseri kwenikweni kwa mita. Kungoboola khoma, waya wosakwana ndi masentimita 60. Mmisiri anagogoda khoma panja, ine ndikumvetsera m'kati. Kugogodako kunamvekera kuseri kwa wadirobu ya amayi.

Wadirobuyo ndi ya mlombwa, anaipanga bambo asanapume pantchito, ndipo pamafunika amuna atatu kuti isunthe. Ngakhale ikanasuntha, vuto lina ndi lakuti chipindacho chimakiyidwa amayi akapita kumudzi ku Thyolo, nthawi zina sabata ziwiri, kiyi ali m'chikwama chawo. M'nyumba mumatsala mdzukulu ndi wa lendi. Magetsi akavuta, athyole chitseko? Komanso sindikufuna bokosi lamagetsi litaphimbidwa ndi zovala ndi mabulangete.

Tili chiimire m'kolido, mmisiri analoza khoma lam'mbali cha kumapeto, pafupi ndi kawindo kakang'ono. Kolido imathera pakhoma lakunja lomwelo lomwe pali mita, kungoti mita ili mbali ya chipinda. Tinapima njira yomwe waya angadutse: kutuluka m'bokosi la mita, kuyenda chammbali m'paipi, kuboola khoma, kulowa m'kolido. Masentimita 270, kuphatikiza wopinda m'makona. Ndi pouma, palibe mpopi, bafa lili kumapeto enawo, ndipo palibe chitseko chokiya pakati pa malowo ndi wina aliyense wogona m'nyumbamo.

Amayi sanasangalale. Pakhoma limenelo pali chithunzi cha ukwati wawo ndi kalendala ya mpingo. "Ndiye alendo akamapita kuchimbudzi aziona chibokosi chanucho?" Mmisiri sanatsutsane nawo. Anangoti, "Agogo, taimani apa. Takwezani dzanja ngati mukutsegula kabati, osadzikoka." Anakweza. Iye analemba kamzere ndi pensulo pomwe zala zawo zinafika bwinobwino, kenako kena pomwe maso awo amayang'ana ataima chilili. Mzere wa mabureka ukhala pa masentimita 145 kuchokera pansi. Adzukulu ang'onoang'ono safikapo, ndiponso DB ili ndi chivundikiro.

Madzulo ndinachita mayeso anga. Ndinazimitsa mababu onse, ndinawapempha amayi agone pabedi, kenako adzuke apite pakamzere paja opanda tochi. Masitepe 9, dzanja likutsata khoma, osapunthwa pa kanthu. Atafika anaseka n'kunena kuti chithunzi chikhoza kupita pabalaza, kumene kunali koyenera kale. Malo apezeka.

Loweruka

Kugula zinthu ku Limbe. DB ya malo 12, ngakhale tigwiritsa ntchito ochepa, kuti mtsogolo tikafuna sola kapena inveta pasadzakhale kugumulanso. Swichi yaikulu ya maampu 63 yodula mawaya onse awiri. Mabureka: ya maampu 10 ya mababu a m'nyumba, 10 ina ya mababu a panja, 20 ziwiri za masoketi, 20 ya giza, 32 ya kuka, 20 ya kukanyumba kakuseri. Ndi ma RCD awiri a mamiliampu 30, omwe amisiri ambiri amangowatchula kuti earth leakage. Bureka imateteza waya kuti asapse. RCD imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo pang'ono chabe akathawira kwina, kaya m'madzi kaya m'thupi la munthu, imadula. Tagula awiri dala, kuti imodzi ikagwa nyumba yonse isade.

M'sitolo yoyamba anationetsa mabureka amitundu iwiri ofanana ndendende, zilembo zomwezo, koma mtengo wosiyana kutalitali. Mmisiri anaika imodzi m'dzanja lamanja, ina lamanzere, n'kundipatsa. Yotchipayo inali yopepuka ngati bokosi la machesi. Tinapita kwina. Waya wa kopa ndiye wadya ndalama zambiri, makamaka wa 16 mm² wochokera pamita ndi wa 6 mm² wa kuka, ndipo mtengo womwe anatiuza Lachiwiri sunali womwewo lero.

Lolemba mpaka Lachitatu, sabata yachitatu

Mtengo weniweni wa malo atsopanowa tikuulipira m'siling'i. Mawaya onse amathera kukhitchini, ndipo tsopano ayenera kufika kumapeto kwa kolido.

Mu Okutobala munthu sangakhale pansi pa malata dzuwa litakwera. Mmisiri ndi mnyamata wake amalowa m'siling'i 5 koloko m'mawa, pofika 9 koloko atuluka, thukuta lili kamukamu, nkhope zili mbuu ndi fumbi. Nkhani yabwino ndi yakuti mawaya a zipinda zogona ndi pabalaza ankadutsa pamwamba pa kolido popita kukhitchini, ndiye angowabweza m'mbuyo n'kuwadula, afika okha pamalo atsopano opanda cholumikiza. Wa kuka ndi wa giza tasintha onse, waya umodzi kuyambira pa DB mpaka kumapeto, chifukwa amenewa ndi amene amakoka kwambiri ndipo cholumikiza chikakhwefuka chimatentha. Otsala ndi a masoketi akukhitchini ndi mababu akuseri. Amenewa awonjezeredwa m'kabokosi kotseka, komangirira pa mtanda pafupi ndi chitseko cholowera m'siling'i, kuti aliyense wodzabwera pambuyo adzakapeze msanga. Ndinakwera makwerero kukasuzumira. Palibe zopotokola n'kukulunga tepi.

Anapezanso malo awiri pomwe makoswe anasenda waya wa mababu mpaka kopa kuonekera. Tasintha chigawo chimenecho. Mawaya akale ndi ofiira ndi akuda, ena mwa atsopano ndi abulauni ndi abuluu, choncho waika chizindikiro pa uliwonse m'kabokosimo kuti wina asadzasokoneze.

Ndinkafuna DB ilowe m'khoma kuti isatulukire kunja, mwina amayi akanakondwa. Sizinatheke. Khoma lapakati pa kolido ndi chipinda ndi la njerwa imodzi yogona, pafupifupi masentimita 11 osawerengera pulasitala, ndipo kukumba dzenje la bokosi lonse kukanatulukira kuchipinda. Ikhala pamwamba pa khoma. Chomwe takumba ndi ngalande ya mapaipi, yowongoka kuchokera pa DB kukwera mpaka kusiling'i. Mnyamata uja ankafuna kudula njira chopingasa kuti asavutike, mmisiri anamubweza. Akuti munthu wodzakhoma msomali zaka zikubwerazi adzaganiza kuti waya ali pamwamba pa bokosi kapena m'mbali mwake molunjika, koma sadzaganiza za waya woyenda chopendekera. M'nyumba ya amayi, momwe kalendala imasamuka chaka ndi chaka, mfundo imeneyi ndinaimva msanga.

Fumbi lofiira lili paliponse, mpaka m'shuga.

Lachisanu

Lero tapeza chomwe chandiopsa kuposa fyuzi ija. Waya wa earth wa nyumba yonse, womwe umatayira pansi magetsi othawa kuti asagwire munthu, unamangiriridwa ku paipi yachitsulo ya madzi panja pa khitchini, monga ankachitira kale. Mmisiri atakumba pang'ono, paipi yachitsuloyo inathera masentimita 40 pansi, kuchokera pamenepo ndi ya pulasitiki. Ndinakumbukira kuti inasinthidwa itaphulika zaka zingapo zapitazo, ndipo ndine ndinalipira. Kuyambira pamenepo nyumbayi yakhala ngati ilibe earth. Amayi akuti n'chifukwa chake mpopi wa m'bafa "umaluma" giza ikayaka. Sanandiuzepo.

Apa malo atsopano atithandizanso, chifukwa kunja kwa kawindo ka kolido kuli dothi, pomwe kukhitchini kwazungulira simenti. Takhoma ndodo ya earth ya masentimita 120. Nthaka ya mwezi uno ndi youma ngati mwala, ndipo makina anaonetsa ma ohm 340 (nambalayi ikachepa, magetsi othawa amalowa bwino m'nthaka). Mmisiri amafuna ochepera 200. Oyandikana nawo nyumba, omwe akhala akuonerera ntchitoyi kuyambira tsiku loyamba, anati tithire mchere ndi makala m'dzenje. Anthu amachitadi zimenezo ndipo nambala imatsika, koma mchere umadya chitsulo ndipo mvula imaukokolola. Tinasankha kukhoma ndodo yachiwiri chapatali, pafupi ndi nthochi pomwe pamathera madzi ochapira, n'kuzilumikiza. Zinatsika kufika 120. Ngati zili choncho mu Okutobala, nthawi ya dzinja zidzatsikanso.

Loweruka, tsiku losintha

Tinawauza a lendi dzulo kuti magetsi sakhalapo kuyambira m'mawa. Nyama ya mufiliji inapita kwa aneba. M'bokosi la panja muli bureka yaikulu pansi pa mita, kunja kwa mbali yomatidwa, ndiye mmisiri anazimitsa pamenepo, anayesa ndi makina kuti atsimikize kuti mawaya afadi, kenako n'kuyamba. Zomatira za ESCOM sanazikhudze.

Asanalumikize waya uliwonse ku bureka yake ankayamba waupima ndi makina aja amawatcha mega, omwe amatumiza mavoti 500 kuti aone ngati chikopa cha waya chikadali cholimba. Onse anadutsa bwino kupatula wa kukanyumba kakuseri, womwe unadutsa mwapang'onopang'ono. Anandiuza kuti usinthidwe. Ndinati ndalama zatha, tidikire kumapeto kwa mwezi. Anakweza mapewa n'kuulemba papepala lake.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko. Anadina kabatani koyesera pa RCD iliyonse, zonse zinagwa kuti thi. Kenako anaitana amayi kuti adine okha n'kubwezeretsa okha, katatu, mpaka mantha atatha. Mayina a mabureka ndalemba ndine, ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa: MABABU, PANJA, MASOKETI ZIPINDA, MASOKETI KHITCHINI, KUKA, GIZA, KUSERI.

Kanthu kena komwe sitinakaganizire poyamba ndi kamakina ka mayunitsi. Kathu kamalankhulana ndi mita kudzera m'mawaya omwewo a magetsi, choncho soketi yomwe kalumikizidwa ikakhala kuti bureka yake yagwa, sikaipeza mita, ngakhale mutagula mayunitsi angati pa Mpamba kapena Airtel Money. Mmisiri waika soketi imodzi pambali pa DB, ya kamakinako basi, ndipo takapachika pakhoma pomwepo. Ndaikamo mabatire atsopano, chifukwa mayunitsi akatheratu ndi mabatirewo omwe amakayatsa. Tsopano munthu akaima pamalo amodzi akuona mayunitsi otsala komanso mabureka onse. Tochi nayo yapeza msomali wake, kumanzere, kutali ndi ngalande ya mapaipi.

Lachitatu, sabata yachinayi

Chizimalupsa chagwa dzulo usiku, ndi mphepo. Cha m'ma 11 koloko foni inalira. Amayi akuti magetsi azima mbali ina ya nyumba, koma m'kolido mukuwala, aima pa bokosi, ndipo "chachikulu chakumanja" chagwa. Akachikweza chikugwanso. Ndinawauza atsitse mabureka onse a mbali imeneyo, akweze chachikulucho, kenako azikweza imodziimodzi. MASOKETI KHITCHINI, zili bwino. PANJA, zili bwino. KUSERI, thi. Tinaisiya yotsika, RCD inakhazikika, filiji inayambanso kulira. Zonsezi sizinatenge mphindi zisanu, ndipo sanaponde patebulo.

M'mawa a lendi anabwera ndi dandaulo, pamodzi ndi malangizo omwe anamva kwa mnzawo akuti "chinthu chogwaigwacho" chimangovutitsa, amisiri ena amachilambalala. Ndinapita nawo kuseri pamodzi ndi mmisiri. Pansi pa denga la kanyumbako, pomwe chingwe chimalowera, panali polumikiza pokulungidwa ndi tepi yomwe inamatuka ndi dzuwa, madzi akudonthera kuchokera pamalata, ndipo chingwecho chikukhudza felemu yachitsulo ya chitseko. Fyuzi ya waya wopinda kawiri ija sikanamva kanthu. A lendi anayang'ana chitseko chomwe amagwira tsiku lililonse, sanapitirize nkhani ya kulambalala.

Ndabwereka ndalama kwa mlongo wanga. Chingwe chatsopano chidutsa pansi, m'paipi.

Lachisanu

Chingwe chakuseri chatha, mega yavomereza. Mmisiri wandipatsa pepala la zotsatira za mayeso onse, ndalijambula n'kutumiza ku Johannesburg ndi ku Area 25, lenilenilo ndaliika m'fayilo ya mapepala a nyumba.

Zotsala: kupaka pulasitala ndi penti pangalande ya m'kolido, kutseka dzenje la bokosi lakale kukhitchini, ndi kumata ndi simenti mozungulira paipi pomwe yaboola khoma kuti madzi ndi nyerere zisalowe. Mmisiri adzabweranso mu Febuluwale kudzapima earth nthaka itanyowa ndi kumanganso zomangira za mu DB, chifukwa kopa amakhwefuka pang'ono akagwira ntchito. Pa kalendala ya mpingo, yomwe yasamukira kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndazunguliza tsiku loyamba la Januwale ndi la Epulo kuti amayi adine mabatani oyesera. Mafyuzi adothi aja amayi akana kuti nditaye. Atsuka atatu, awaika pawindo lakukhitchini, ndipo mu imodzi akusungiramo singano.